Tiyi wa pa sitetasi, lamba, jakisoni kapena kuchepetsa nsima: tiyerekeze kaye musanatumize ndalama

Pafupifupi aliyense amene ali ndi WhatsApp ali ndi munthu mmodzi pa sitetasi amene amagulitsa zochepetsa thupi. Chithunzi chakumanzere mayi watulutsa mimba dala, waima mopindika, m'chipinda muli mdima, nkhope yosasangalala. Chakumanja mayi yemwe uja wabweza mimba mkati, wavala zomugwira, wadzola, akumwetulira, ndiye pansi pake alembapo kuti makilo 10 m'masabata awiri, osasiya nsima, osapita ku jimu, bwerani ku inibokosi. Mawa lake munthu yemweyo amaika mankhwala okulitsa mahipi ndi matako, ndiye kaya mukufuna thupi lipite uku kaya lipite uko, iye botolo lake ali nalo.

Sindikuseka ofuna kuchepetsa thupi ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16, uja wa DHS, anapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 ku Malawi mmodzi mwa asanu aliwonse anali wonenepa kupitirira muyeso, ndipo m'tauni anali oposa mmodzi mwa atatu. Shuga ndi bipi zalowa m'mabanja mwathu, mawondo akupweteka, ndiye munthu akafuna kutsitsa makilo ali ndi chifukwa chenicheni. Koma tiyambe ndi masamu chifukwa ndi amene amagwetsa theka la malonda amenewa. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700. Makilo 10 ndi makalori 77,000, mukagawa ndi masiku 14 akubwera 5,500 patsiku, pomwe munthu wamkulu amagwiritsa ntchito makalori a m'ma 2,000 mpaka 2,500 patsiku. Ndiye kuti ngakhale mutamanga pakamwa osadya kalikonse masabata awiriwo simungawotche makilo 10 a mafuta. Sikelo ikatsika chonchi chatuluka ndi madzi, chimbudzi ndi minofu, sikeloyo siyikuuzani kuti chachoka n'chiyani.

Zimene ndikuyang'ana pa njira iliyonse

Zinayi basi. Mtengo, koma osati wa paketi yoyamba, ndikunena wa chaka chathunthu poti thupi si la sabata imodzi. Kupezeka kwake, apa ndikuphatikizapo funso loti zikavuta mukamugwira ndani, chifukwa mankhwala ku Malawi amayenera kulembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, ku Zambia ku ZAMRA, ku Joni ku SAHPRA, ndipo nambala ya foni yolandirira ndalama si adilesi. Kupitiriza, kutanthauza zimene muyenera kumachita tsiku ndi tsiku komanso chimene chimachitika tsiku limene mwasiya. Chomaliza zoopsa zake.

Mitengo ya makwacha sindiyika poti kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa mwezi wamawa, ndingonena kuti chodula n'chiti ndipo chifukwa chiyani.

Bungwe la FTC la ku America, limene limayang'anira zotsatsa malonda, mu 2014 linatulutsa mndandanda wa malonjezo asanu ndi awiri amene sangakhale oona ngakhale pang'ono. Ena mwa iwo ndi oti muonda kwambiri kaya mukudya chiyani, muondeletu mpaka kalekale ngakhale mutasiya kumwa, zimagwira kwa aliyense, komanso muonda pongovala kapena pongopaka. Tsegulani sitetasi ija muwerenge kuti angati mwa amenewa alipo.

1. Matiyi, khofi ndi makapisozi "achilengedwe"

Mtengo: paketi imodzi imaoneka yotsika, ndiye msampha wake. Amakuuzani kuti kosi yake ndi masiku 14 kapena 28, ikatha akuti thupi lanu ndi louma mutu mukufunika kosi yachiwiri, kenaka ya "kusunga" thupilo. Pakutha pa chaka mwalipira kangapo ndalama imene mumaiona poyamba ija.

Kupezeka: paliponse, Facebook, TikTok, m'masaluni, mumsika, ngakhale ku ofesi kuli mayi wake amene amatulutsa m'chikwama. Ambiri alibe dzina la kampani yopanga, alibe tsiku lotha ntchito, ena alembedwa m'chilankhulo chimene wogulitsayo sangawerenge.

Kupitiriza: ambiri mwa matiyiwa ali ndi senna, tsamba lotsegula m'mimba, ena ali ndi zokodzetsa. Chakudya chikamafika m'matumbo akulu mmene senna amagwira ntchito, makalori ake thupi limakhala litatenga kale kumtunda, ndiye chimene mukuthamangira nacho ku toileti usiku wonse ndi madzi. Zili ngati kufinya chinkhupule, mukangochiviika chalemeranso. Mukasiya tiyi makilo aja amabwera m'masiku owerengeka, ndipo amene wamwa miyezi amapeza kuti popanda tiyiyo chimbudzi sichikubweranso, ndiye amagulanso, wogulitsa n'kumati mwaona mmene akugwirira ntchito.

Zoopsa: apa ndikhalitsapo pang'ono. Kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kumachotsa madzi ndi mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Kumasokonezanso mapilitsi a kulera, munthu n'kupezeka ndi mimba ina imene sanaiyitanitse. Zija zokhala ndi makala akuda zimagwira mankhwala ena m'mimba osalowa m'magazi, ganizirani ngati mukumwa ma ARV kapena a bipi.

Koma amene amandiopsa kwambiri ndi tiyi kapena kapisozi amene akugwiradi ntchito. Mwamwa, njala yatheratu, kukamwa kukuuma, mtima ukugunda mothamanga, tulo palibe, makilo akutsika, inu n'kumachitira umboni pagulu. Masamba wamba sachita zimenezo. Pali mankhwala otchedwa sibutramine amene ankagulitsidwa mwalamulo ndi dzina loti Reductil kapena Meridia, anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 kafukufuku wa anthu pafupifupi 10,000 ataonetsa kuti akuwonjezera matenda a mtima ndi sitiroko. Atachotsedwa sanathe ayi, anangosamukira m'makapisozi olembedwa kuti ndi achilengedwe. Pa zinthu 317 zochepetsa thupi zimene bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linazipeza zili ndi mankhwala obisika pakati pa 2007 ndi 2016, zokwana 269 zinali ndi sibutramine. Ndiye tiyi wosagwira ntchito akukuberani ndalama, wogwira ntchito mwamphamvu uja mwina mukumwa mankhwala oletsedwa pamlingo umene palibe akuudziwa.

Ngakhale zachilengedwe zenizeni sikuti ndi zofatsa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels, Belgium, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mapilitsi ochepetsa thupi a pa kiliniki ina momwe munalowa chomera cha Aristolochia, ambiri mpaka anafunika makina ochapa magazi kapena impso ina. Kwathu kuno makina amenewo ali m'zipatala zazikulu zowerengeka ngati Kamuzu Central ndi Queens, si malo oti muzikapezekako chifukwa cha tiyi. Mankhwala ochepetsa thupi a Hydroxycut anachotsedwa m'mashopu ku America mu 2009 chifukwa cha malipoti a kuwonongeka kwa chiwindi. Garcinia cambogia amene amalembedwa pa mabotolo ambiri anayesedwa kale mu 1998 ndipo omwa sanaonde kuposa amene anamwa mapilitsi opanda kanthu.

Za maumboni a anthu otchuka musatengeke nazo. Mu 2020 FTC inagwira kampani ya tiyi ya Teami imene inkati tiyi wake amachepetsa thupi, amalimbana ndi khansa, amatsegula mitsempha yotsekeka, zonsezi popanda umboni. Chigamulo chinali cha madola 15.2 miliyoni, analipira 1 miliyoni, ndipo anthu otchuka a pa Instagram kuphatikizapo Cardi B analandira makalata a chenjezo chifukwa chosanena poyera kuti analipidwa. Ngati ku America zili choncho, mukuganiza kuti wotchuka wathu wa pa TikTok akumwa tiyiyo mwaulere chifukwa chokukondani?

2. Malamba, mafuta opaka ndi zomata pamchombo

Mtengo: mumagula kamodzi, pokhapokha mafuta opaka amene amatha.

Kupezeka: ngakhale pa kaunjika amapezeka.

Kupitiriza: lamba amagwira ntchito nthawi imene mwavala yokha, mukavula mimba imabwerera pamalo pake. Thukuta limene limatuluka pansi pa lamba ndi madzi, mafuta satuluka pakhungu, ndipo thupi silichotsa mafuta pamalo amene inu mwaloza. Kampani ya L'Occitane inalipira madola 450,000 mu 2014 chifukwa chonena kuti mafuta ake opaka amachepetsa thupi, Skechers inalipira madola 40 miliyoni mu 2012 pa nsapato zimene ankati zimaondetsa ndi kulimbitsa matako.

Zoopsa: kupuma movutikira, kutentha pamtima, zidzolo m'nyengo yotentha. Ngati mukufuna diresi ikukhaleni bwino pa ukwati Loweruka, valani, palibe mlandu, bola mudziwe kuti mwagula chovala osati mankhwala.

3. Mashekisi ndi maphukusi a makampani a netiweki

Awa ndi aja amabwera ndi mnzanu wa kutchalitchi kapena wa kusukulu amene mwakhalitsa osalankhulana, mwadzidzidzi akufunsa za ana.

Mtengo: wokwera, ndipo chifukwa chake n'chosavuta, m'mtengomo muli komishoni ya wogulitsa, ya amene anamulowetsa, ya amene analowetsa ameneyo, kukwera mpaka kumtunda. Katunduyo amagulidwa ndi ndalama zakunja ndiye kwacha ikangotsika inu ndi amene mumamva. Kenaka amakuuzani kuti mukalowa nawo muzigula motchipa. Herbalife inalipira madola 200 miliyoni mu 2016 ndipo inalamulidwa kusintha kayendetsedwe ka bizinesi yake ku America, FTC itapeza kuti ogulitsa ambiri ankapeza kangachepe kapena osapeza kanthu.

Kupezeka: m'tauni n'kosavuta, ndipo ubwino wake kusiyana ndi tiyi wa mumsika ndi woti kampani imadziwika, zosakaniza zalembedwa.

Kupitiriza: chilungamo chake, shekisi imatha kutsitsa makilo, koma osati chifukwa cha matsenga a mu ufawo. Mwachotsa nsima ya masana ya mitanda itatu n'kuikapo kapu ya makalori a m'ma 200, ndiye mwadya zochepa basi. Ku Britain kafukufuku wa DiRECT wa 2017 anaika odwala shuga pa masupu ndi mashekisi a makalori a m'ma 850 patsiku kwa miyezi itatu mpaka isanu, ndipo patatha chaka 46 mwa 100 aliwonse shuga wawo anali atabwerera m'malo popanda mankhwala. Koma kumeneko kunali manesi, kuyezedwa pafupipafupi ndi kuphunzitsidwa kubwerera ku chakudya wamba pang'onopang'ono. Phukusi la masiku ochepa limene limakuuzani kuti masiku oyamba muzingomwa madzi ndi juwisi si zimenezo. Ndalama zikatha mumabwerera ku mbale yomwe ija poti palibe chimene mwaphunzira pa kadyedwe.

Zoopsa: zochepa kwa munthu wabwinobwino. Amene ali pa mankhwala a shuga akhoza kugwa shuga atatsikitsa. Amene mukumwa ma ARV a TLD dziwani kuti kashiamu, ayironi ndi maginiziyamu zimene zimathiridwa m'zakumwa zimenezi zimachepetsa kalowedwe ka dolutegravir, amene ali mu TLD, m'thupi mukamwera pamodzi, funsani ku kiliniki kuti muzisiyanitsa maola angati. Choopsa china ndi ubale, poti kukana mlamu wanu amene wadzaza katundu m'nyumba si nkhani yophweka.

4. Mapilitsi a kuchipatala, orlistat ndi Duromine

Mtengo: wapakati, wa mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo ndalama yoonana ndi adokotala.

Kupezeka: kufamase ndi kalata ya adokotala. Duromine anthu ambiri amamudziwira ku Joni, kumeneko ali m'gulu la mankhwala olamulidwa kwambiri, saperekedwa popanda kalata, ndiye amene akukugulitsani kuchokera m'chikwama cha pa basi wadumpha kale lamulo limodzi ndipo simukudziwa ngati ali enieni.

Kupitiriza: orlistat, amene dzina lake lamalonda ndi Xenical, amatseka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta amene mwadya kuti asalowe m'thupi. Pa chaka amawonjezera makilo a m'ma 3 pamwamba pa zimene mukanatsika ndi kadyedwe kokha, atatu okha, osati 20. Duromine, amene mkati mwake ndi phentermine, amapha njala ndipo ndi wa nthawi yochepa, masabata osapitirira 12, mukasiya njala imabwera ndi mkwiyo.

Zoopsa: orlistat mukadya chipisi cha pachiwaya kapena kanyenya wonona mafutawo amatuluka okha, nthawi zina osakuchenjezani, ndipo ndikunena zoti muli mu minibasi. Amachepetsanso mavitamini A, D, E ndi K, komanso bungwe la MHRA la ku Britain linachenjeza mu 2014 kuti akhoza kuchepetsa mphamvu ya ma ARV. Duromine amathamangitsa mtima, amakweza bipi, amathawitsa tulo, ena amakhala aukali, si wa munthu wa vuto la mtima kapena bipi yosatsika, ndipo ambiri amene akufuna kuchepetsa thupi ndi omwewo a bipi.

5. Majakisoni, Ozempic, Wegovy ndi Mounjaro

Kupatula opaleshoni, awa ndi okhawo pamndandanda uno amene amatsitsa makilo ambiri ndipo umboni wake ulipo wolimba, n'chifukwa chake akuba nawo athamangira komweko.

Mtengo: wokwera kwambiri. Wegovy atatuluka ku America mu 2021 mtengo wake unali madola oposa 1,300 pamwezi. Ku Joni ndi marandi masauzande pamwezi. Chiyembekezo chilipo poti 2026 ndi chaka chimene ufulu wa kampani ya Novo Nordisk wopanga yokha semaglutide, mankhwala amene ali mu Ozempic ndi Wegovy, ukutha m'mayiko ngati India, China, Brazil ndi Canada, ndipo mankhwala athu ambiri amachokera ku India. Koma werengerani mtengo wa zaka osati wa mwezi, chifukwa chake chili pansipa.

Kupezeka: ndi kalata ya adokotala basi. Ozempic kwenikweni ndi wa matenda a shuga, Wegovy ndi mankhwala omwewo pamlingo wokwera wa kunenepa, Mounjaro ndi wa kampani ya Eli Lilly ndipo mkati mwake ndi tirzepatide. Mapeni osatsegula amasungidwa mu firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, otsegula sayenera kupitirira madigiri 30. Ndiye ganizirani peni imene yayenda pa basi kuchokera ku Johannesburg masiku awiri, yagona pa boda, yafika m'nyumba imene magetsi amazima theka la tsiku, mu Okutobala ku Salima kapena ku Chikwawa. Ikhoza kukhala yeniyeni koma itafooka kale.

Kupitiriza: kudzibaya kamodzi pa sabata, kuyamba ndi mlingo wochepa n'kumakwera. Pa kafukufuku wa STEP 1 amene anabayidwa semaglutide anatsika pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68, munthu wa makilo 100 ndiye kuti makilo 15, pomwe obayidwa jakisoni wopanda mankhwala anatsika 2.4 peresenti. Tirzepatide pamlingo waukulu anafika m'ma 20 peresenti. Koma atasiya, anthu a STEP 1 aja anabweza magawo awiri mwa atatu a makilo amene anataya m'chaka chimodzi chokha. Otsatsa pa intaneti mbali imeneyi sainena. Ngati ndalama yanu ikukwana miyezi itatu yokha, mukugula kuonda kwa kanthawi pamtengo wa puloti.

Zoopsa: nseru, kusanza, kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba, makamaka poyamba. Ena amadwala ndulu, ochepa amatupa kapamba. Pamodzi ndi mafuta minofu nayo imapita ngati simukudya zomanga thupi ndi kunyamula zolemera. Si a amayi oyembekezera, semaglutide amasiyidwa miyezi iwiri musanatenge mimba, ndipo Mounjaro amafooketsa mapilitsi a kulera. Ndiye pali achinyengo. Mu Okutobala 2023 ku Austria anthu anagonekedwa m'chipatala atadzibaya Ozempic wabodza amene mkati mwake munali insulini, shuga anatsika mpaka ena kukomoka. Mu Juni 2024 WHO inachenjeza dziko lonse za semaglutide wabodza amene anapezeka ku Brazil, Britain ndi America. Ngati wabodza analowa m'mayiko okhala ndi malamulo olimba chonchi, wa pa Facebook amene akubwera m'kabotolo kopanda dzina kuti muzisungunula nokha ndi madzi ameneyo musamuyandikire n'komwe. Zomata ndi madontho olembedwa kuti "Ozempic wachilengedwe" ndi dzina chabe labedwa.

6. Kusintha mbale ndi kuyenda

Ndikudziwa kuti iyi ndi imene simumafuna kumva, koma ndiyiyeza ndi muyeso womwewo osaikometsera.

Mtengo: ikhoza kukupulumutsirani ndalama kapena kukudyerani, zitengera mmene mwaiyambira. Kuchotsa zoziziritsa kukhosi, mowa wa Lachisanu, mandasi a pa ofesi ndi kuchepetsa mafuta ophikira kumabweza ndalama m'thumba. Kuthamangira maapulo, oti ndi buledi wodula wa m'masupamaketi chifukwa mwaona pa YouTube ndiye kumadula. Bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, therere, nyemba, nandolo, usipa, mazira, magwafa ndi mapapaya a nyengo yake zimagwira ntchito yomweyo, magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amatiphunzitsa ku sikelo ya ana si a ana okha. Jimu si yokakamiza.

Kupezeka: kuyambira chakudya cha madzulo ano.

Kupitiriza: apa ndi pamene pali ntchito, tsiku lililonse, ndipo zimachedwa. Theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata ndiwo mlingo umene a zaumoyo amati ndi wabwino, masabata ena sikelo imangoima. Zimene zimasuntha zinthu kwambiri ndi zakumwa ndi mafuta. Zakumwa zambiri zotsekemera zili ndi magalamu a m'ma 10 a shuga pa 100ml, botolo la 300ml ndi masupuni ang'ono asanu ndi awiri kapena kuposa, pomwe WHO imati zikanakhala bwino osapitirira asanu ndi limodzi tsiku lonse, onjezanipo masupuni atatu a mu tiyi wam'mawa ndi thobwa lothira shuga. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori 120, ndiye onani mmene timathirira m'ndiwo mpaka masamba kusambira. Nsima simukuyenera kuisiya, chotsani mtanda umodzi, masamba adzaze theka la mbale. Mgaiwa makalori ake sasiyana kwambiri ndi ufa woyera, ubwino wake ndi woti umakhalitsa m'mimba, ndiye mitanda inayi ya mgaiwa ikadali mitanda inayi.

Majowajowa okha osasintha mbale satsitsa makilo ambiri, kuyenda mphindi 30 kumawotcha makalori a m'ma 150 amene mandasi awiri amabwezera ndi chenji. Koma amatsitsa bipi ndi shuga, amasunga minofu, ndipo ndi amene amathandiza kuti makilo asabwerere. WHO imati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kutsika siteji imodzi musanafike, kusiya kabaza pa mtunda waufupi, zonsezo zimawerengedwa. Ndipo simukufunika kufika pa thupi la pa chithunzi chija. Kafukufuku wa ku America wa 2002 wa anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera anapeza kuti amene anauzidwa kutsitsa 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata anachepetsa mwayi wodwala shuga ndi 58 peresenti, kuposa amene anapatsidwa mankhwala a shuga a metformin amene anachepetsa ndi 31. Kwa munthu wa makilo 90 amenewo ndi makilo 6 okha.

Chovuta chenicheni ndi anthu. Timadya mphika umodzi, wophika nthawi zina si inu, kwa apongozi simungakane mbale yachiwiri, ndipo mukayamba kutsika amene ankakunenani kuti mwanenepa ndi omwewo adzayambe kunong'ona kuti kodi akudwala. Anthu ambiri makilo ena amabwereranso pakapita zaka, njira imeneyi nayo si ya kamodzi n'kutha.

Zoopsa: zochepa, pokhapokha mukachita mopitirira. Kusala kudya masiku ambiri kapena kuonda mothamanga kumabweretsa miyala ya mu ndulu, ndipo kwa amene ali pa insulini kapena mapilitsi a shuga a glibenclamide kudumpha chakudya n'koopsa. Atsikana achichepere amene ayamba kuwerenga chilichonse cholowa mkamwa ndi kudzisanzitsa, amenewo akufunika thandizo osati kuwayamikira.

7. Opaleshoni yochepetsa chifu

Mtengo: mamiliyoni, kuphatikizapo ndege ndi malo ogona. Kupezeka: anthu amapita ku Joni kapena ku India, a ku Britain ambiri amathamangira ku Turkey poti n'kotchipa, ndipo boma la Britain lachenjezapo za anthu ake amene anafera kumeneko. Kupitiriza: imatsitsa kotala la kulemera kwa munthu kapena kuposa ndipo zimakhalitsa zaka, koma mavitamini, B12 ndi ayironi ndi za moyo wonse, kuyezetsa magazinso chimodzimodzi. Zoopsa: kutuluka magazi, kudontha kwa pamene asoka, ndipo vuto likabuka mutabwerera kumudzi dokotala amene anakuchitani ali kutsidya kwa nyanja. Kupopa mafuta ndi nkhani ina, kumasintha maonekedwe a malo amodzi, shuga ndi bipi sizisuntha.

Ndiye inu mutenge iti

Yambani mwaona ngati mukufunikadi kutsika. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu, muchipinde pakati, muzungulize m'chiuno pamwamba pang'ono pa mchombo. Chikakwana, mafuta a pamimba sanafike poopsa ndipo amene akukuuzani kuti mukufunika kutsuka m'thupi akufuna ndalama zanu, chiwindi ndi impso zikutsuka kale.

Ngati chingwe sichikukumana koma mulibe matenda ena, nambala 6, ndipo dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi musanaweruze. Shekisi mutha kuigwiritsa ntchito m'malo mwa chakudya chimodzi ngati ntchito yanu imakudyetsani chipisi masana aliwonse ndipo thumba likulola, koma mazira awiri owiritsa ndi chipatso zimachita zomwezo.

Ngati muli ndi shuga, bipi kapena vuto la mtima, matiyi, makapisozi ndi Duromine zichotseni pamndandanda. Pitani ku kiliniki yanu muwauze kuti mukufuna kutsika, kuti mankhwala anu azisinthidwa makilo akamatsika.

Ngati thupi linabwera mutayamba TLD kapena jakisoni wa kulera wa Depo, zimachitikadi, makamaka kwa amayi, koma musasiye mankhwala panokha ndipo musamwe chilichonse chotsegula m'mimba kapena cha makala. Kambani ndi anamwino, za kulera njira zina zilipo.

Amayi amene mwangobereka kumene ndipo mukuyamwitsa, palibe tiyi, pilitsi kapena jakisoni wa pamwambapa amene ali wanu panopa, zina mwa izo zimadutsira mu mkaka kupita kwa mwana.

Ngati BMI yanu, muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika, yapitirira 30, kapena 27 muli ndi matenda obwera ndi kunenepa, mwayesa kadyedwe mokwanira ndipo mungakwanitse kulipira kwa zaka, jakisoni kudzera kwa dokotala ndi famase yovomerezeka ndi njira yomveka, firiji yodalirika ikhalepo. Opaleshoni ndi ya amene BMI yawo yafika m'ma 35 kapena 40 ndipo thanzi lili pachiswe, mutapeza kaye dokotala wakuno amene azikuonani mukabwerako.

Amene makilo akutsika okha osachita kalikonse, musasangalale, kayezetseni shuga, TB ndi HIV.

Ndipo ngati munagula kale ndipo mtima ukuthamanga, maso achita chikasu kapena mkodzo wada, siyani lero lomwe, pitani kuchipatala mutanyamula paketiyo kuti adokotala aione. Sungani mauthenga a wogulitsa ndi umboni wa ndalama imene munatumiza, za mankhwalawo kauzeni a PMRA, za bodza la malondawo mabungwe oteteza ogula a CFTC kapena CAMA, a ku Zambia ndi ZAMRA ndi CCPC, a ku Joni SAHPRA, a ku Britain MHRA kudzera pa Yellow Card, fomu yonenera mavuto a mankhwala.